Kobiri limodzi, anthu 12: phunziro lochokera kwa a Methodist a ku Bristol

Semesita iliyonse ikamayamba, m'kalasi mumapezeka mpando umodzi kapena iwiri yopanda munthu. Mlungu woyamba timati mnzathuyo wachedwa ndi mayendedwe. Mlungu wachiwiri timati mwina akudwala. Ukamatha mwezi, wina amangonena mongodutsa kuti, "Aja sabweranso, fizi yavuta." Timapukusa mitu n'kubwerera ku mabuku athu. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu ameneyu tinkaimba naye kwaya, tinkakhala naye benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo mbale ya chopereka inkachoka m'manja mwake n'kufika m'manja mwathu. Ndalama zathu zinkakumana m'mbalemo, koma eni akefe sitinkadziwana.

Sitikunena kuti ndife anthu oumira. Timapereka ndithu, ena mpaka kudzimana. Chimene tikudandaula n'chakuti kupereka kwathu kudasiyana njira ndi kuyenderana. Ndalama imapita kwake, munthu amapita kwake. Kuti tione bwino nthenda imeneyi, tiyeni tisuzumire pa mpingo umene si wathu, m'dziko lakutali, zaka zoposa 280 zapitazo. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ngongole ya nyumba yopemphereramo

M'chaka cha 1739 John Wesley adayamba kulalikira pabwalo mumzinda wa Bristol ku England, kutsatira mnzake George Whitefield. Amene ankabwera kudzamvera ambiri adali anthu wamba: okumba malasha a ku Kingswood, osoka nsapato, ogwira ntchito kudoko, antchito a m'nyumba za anthu olemera. Panthawiyo a Methodist sadali mpingo woima paokha. Adali timagulu ta anthu ofuna kulimbikitsana pa moyo wauzimu mkati mwa mpingo wa Church of England. Chaka chomwecho adamanga nyumba yokumaniramo imene amaitcha New Room. Nyumbayo ilipo mpaka lero, ndipo ndiyo nyumba yakale kwambiri ya a Methodist padziko lonse.

Kumanga kudatheka, koma kudasiya ngongole. Pa 15 February 1742 anthu adakhala pansi kukambirana momwe angaibwezere. Aliyense amene adakhalapo m'komiti ya zomangamanga pa mpingo akudziwa momwe misonkhano yotere imakhalira. Pamsonkhanopo bambo wina amene mbiri imangomutchula kuti Captain Foy adapereka ganizo loti membala aliyense azipereka kobiri limodzi pa mlungu. Agogo athu amene adagwirako ndalama za mapaundi kwacha isanabwere mu 1971 amakumbukira kuti makobiri 12 ndiwo ankapanga sheleni imodzi. Ku England masiku amenewo waganyu ankalandira pafupifupi sheleni imodzi pa tsiku. Kobiri choncho lidali laling'ono, koma kwa banja losauka silidali lopepuka.

Wina adatsutsa pomwepo kuti anthu ambiri pagululo ndi osauka moti ngakhale kobiri limenelo sangalikwanitse. Yankho la Foy ndilo lidasintha mbiri ya mpingowo. Iye adapempha kuti amupatse anthu 11 osaukitsitsa, ndipo adalonjeza kuti aziwayendera mlungu uliwonse. Amene ali nalo kobiri azipereka, amene alibe iye aziwaperekera pamodzi ndi lake. Adapemphanso ena amene adali pamsonkhanopo kuti atenge anthu 11 aliyense n'kumachita chimodzimodzi. Gulu lonse lidagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, kalikonse ndi mtsogoleri wake. Timagulu timeneti ndito a Methodist amatitcha makalasi.

Zimene wotolera ndalama adapeza pakhomo

Atsogoleri aja adanyamuka kukatolera makobiri, koma adabwerera ndi zambiri kuposa makobiri. Munthu ukagogoda pakhomo pa mnzako mlungu ndi mlungu, umaona zimene mbale ya chopereka siingaone. Mtsogoleri wina adapeza bambo akukangana ndi mkazi wake. Wina adapeza mnzake ataledzera.  Wesley atamva malipoti amenewa adazindikira kuti wapeza chimene ankachisowa, chomwe ndi njira yodziwira momwe munthu aliyense akukhalira pamene mlaliki ali mmodzi koma anthu ali mazanamazana.

Kuyendera khomo ndi khomo kudali ndi zovuta zake. Kunkadya nthawi, ndipo ambiri ankakhala m'nyumba za mabwana awo kapena za achibale amene sankafuna alendo otere. Choncho adagwirizana kuti kalasi lonse lizikumana malo amodzi kamodzi pa mlungu. Malamulo amene adalembedwa mu 1743 adaika ntchito ya mtsogoleri poyera: aone munthu aliyense wa m'kalasi mwake kamodzi pa mlungu, amufunse za moyo wake wauzimu, amulangize, amudzudzule kapena kumutonthoza monga kukufunikira, ndipo alandire chimene munthuyo wafuna kupereka chothandizira osauka. Akatero akakumane ndi mlaliki ndi osunga chuma, awauze amene akudwala, n'kupereka ndalama zimene watolera. Atsogoleriwa sadali abusa. Adali amisiri, ogulitsa m'timasitolo, ndipo ena mwa iwo adali amayi.

Taonani chimene chidachitika. Kobiri lidayamba ngati lobwezera ngongole ya nyumba, koma lidasanduka lothandizira anthu. Ife nthawi zambiri timayenda mobwerera: timayamba ndi mawu okoma onena za anthu, n'kumalizira pa matailosi ndi zokuzira mawu.

Ku London, kumene Wesley adagula nyumba yakale yopangiramo mizinga yotchedwa Foundery, ntchitoyi idakula. Adasankha anthu 46 oyendera odwala, nagawa mzinda m'zigawo 23, anthu awiri chigawo chilichonse, ndipo wodwala aliyense ankayenera kuonedwa katatu pa mlungu. Mu 1746 adatsegula malo operekerapo mankhwala aulere kwa osauka. Adakhazikitsanso thumba la ngongole limene munthu ankatha kubwerekako mpaka masheleni 20 n'kubweza m'miyezi itatu, ndipo m'nthawi yochepa anthu oposa 250 adathandizika. Ife amene tikudziwa momwe katapila amamezera malipiro a munthu mwezi usanathe, tikumvetsa kuti thumba lotere lidali chipulumutso chanji kwa mmisiri amene akadapinyolitsa zida zake. Padalinso nyumba yosungiramo amayi amasiye, ndipo Wesley ndi alaliki anzake akakhala mumzindamo ankadya nawo pa tebulo limodzi chakudya chomwecho. Mu January 1785, ali ndi zaka 81, mkuluyu adayenda masiku asanu m'misewu ya London yodzala ndi chipale chosungunuka, kupemphetsa mapaundi 200 ogulira zovala anthu osauka a mumpingo.

Chifukwa chake tikuti adachita bwino

Choyamba, muyeso udali wa munthu wosauka. Kobiri lidasankhidwa kuti ambiri alikwanitse, ndipo lidali limodzimodzi mlungu ndi mlungu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikayerekeza ndi momwe mipingo yambiri kwathu kuno imasonkhetsera ndalama masiku ano, kusiyana kwake n'koonekeratu. Timaitana mlendo wolemekezeka, timapikisanitsa zigawo, timalengeza maina ndi ndalama pa chimkuzamawu, ndipo m'manja timaombera amene wapereka zambiri. Ndalama zimapezeka, sitikukana. Koma tidafunsapo kuti mayi wogulitsa tomato amene wakhala kumbuyo amamva bwanji? Ena tsiku lotero amangokhala kunyumba. Yesu atakhala pansi pafupi ndi mosungira zopereka m'kachisi, diso lake lidagwera pa mkazi wamasiye amene adaponya tindalama tiwiri. Ife maso athu amagwera pa envelopu yonenepa.

Chachiwiri, wamphamvu adanyamula wofooka popanda kumuchititsa manyazi. Foy sadanene kuti osauka achotsedwe pa mndandanda, komanso sadanene kuti apereka ndalama yaikulu kamodzi n'kupumula. Akadatero ngongole ikadatha msanga, koma makalasi sakadabadwa. Iye adapereka ndalama pamodzi ndi miyendo yake. M'buku la osunga chuma kalasi lake linkaoneka lokwanira, ndipo wosauka ankakhalabe membala wokwanira. Osunga chumawo adalangizidwanso kuti ngati alibe chomuthandizira munthu wosauka, asamupwetekenso mtima ndi nkhope yokwinya kapena mawu okalipa. Aliyense amene adaimapo pakhomo la ofesi kupempha kuti amudikire pa fizi akudziwa kulemera kwa langizo limeneli.

Chachitatu, ndalama inkayenda njira yoonekera. Wopereka ankamudziwa wotolera, wotolera ankapereka kwa osunga chuma mlungu uliwonse, ndipo zotsatira zake zinkaoneka pa mnansi amene walandira malasha, mkate kapena mankhwala. Anthu satopa ndi kupereka. Amatopa ndi kupereka m'dzenje lamdima.

Amene akutsutsa ali ndi mfundo

Tikudziwa kuti ena mwa owerenga akugwedeza mutu mokana, ndipo sitikufuna kuwanyalanyaza.

Wina anena kuti dongosolo lotere ndi ukazitape wovala jekete la chikondi. Mfundoyi ili ndi mano. Membala aliyense ankapatsidwa tikiti miyezi itatu iliyonse, ndipo amene waoneka wosayenda bwino sankapatsidwanso. Mu 1743 ku Newcastle, Wesley adachotsa anthu 64 nthawi imodzi. Ena adachotsedwa chifukwa cha kuledzera, mmodzi chifukwa chomenya mkazi wake, koma 29 adachotsedwa chifukwa chongooneka opepuka ndi osasamala. Ndani amayeza kupepuka kwa mtima wa mnzake? Ifenso a Adventist nkhani imeneyi imatikhudza pafupi. Ellen Harmon, amene pambuyo pake adadziwika kuti Ellen White, adabatizidwa mumpingo wa Methodist ku Portland, m'chigawo cha Maine ku America, mu 1842, patatha zaka 100 chiyambire makalasi ku Bristol. Iye ankapita ku misonkhano ya kalasi, ndipo m'menemo ndimo adachitira umboni za chiyembekezo chake cha kubweranso kwa Yesu, umboni umene sudalandiridwe bwino. Mu 1843 banja lawo lidachotsedwa mumpingomo chifukwa chotsatira chiphunzitso cha William Miller. Kagulu kamene kamakudziwa bwino kangathenso kukupweteka kwambiri.

Tikuvomereza zimenezi. Pa sukulu ngati yathu, pamene nkhani ya m'chipinda chimodzi imafika ku hositelo yonse dzuwa lisanalowe, ngoziyi ndi yeniyeni. Koma mankhwala a miseche si kusadziwana. Mnzathu wasiya sukulu uja sadapwetekedwe ndi anthu omufunsa mafunso ambiri. Adapwetekedwa ndi kusowa womufunsa ngakhale funso limodzi. Chofunika ndi kutenga kuyendera n'kusiya kulanga. Mtsogoleri wa kagulu asakhale wapolisi wa komiti ya chilango, ndipo chimene wamva pakhomo chithere pakhomopo, pokhapokha mwiniwake atalola kapena moyo wa munthu uli pangozi.

Wina anena kuti ophunzira alibe kanthu, ndiye tidikire tidzayambe ntchito. Limeneli ndilo dandaulo lomwe lija lidamveka ku Bristol mu 1742, ndipo yankho lake silidasinthe. Pakati pathu alipo amene makolo awo amawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo alipo amene amadya kamodzi pa tsiku mayeso akamayandikira. Onsewa amakhala m'kalasi limodzi la Sukulu ya Sabata. Komanso amene sadaphunzire kugawana mandasi ali pa sukulu, sadzaphunzira kugawana malipiro akadzakhala namwino, mphunzitsi kapena wowerengera chuma. Wesley mwiniwake adaona zimenezi ali wokalamba. Adadandaula kuti chipembedzo chimaphunzitsa munthu khama ndi kusamala ndalama, khama limabweretsa chuma, ndipo chuma chimabweretsa kunyada ndi kukonda dziko. Ankaphunzitsa anthu ake kupeza ndalama mwachilungamo, kusaziwononga, kenako kuzipereka, koma adaona kuti ambiri adagwira ziwiri zoyambazo n'kuiwala chachitatu.

Mantha akewo adapherezera. M'zaka za m'ma 1800, a Methodist atayamba kulemera ndi kumanga matchalitchi akuluakulu, misonkhano ya kalasi idayamba kuzilala. M'matchalitchi ambiri mabanja ankalipira lendi ya mabenchi, olemera kutsogolo, osauka kumbuyo. Ku America zimenezi zidafika poti mu 1860 gulu lina lidapatuka n'kuyambitsa mpingo wa Free Methodist, ndipo chimodzi mwa zimene ankalimbana nazo chidali kugulitsa mipando m'nyumba ya Mulungu. Mpingo umene udayamba ndi munthu wopempha kuti amupatse osauka 11 udafika pokhazika osauka kumbuyo. Ngati zidawachitikira iwo, ife tatetezedwa ndi chiyani? Ambiri mwa ife tikuphunzira kuti tituluke mu umphawi, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma digiri imene tikuithamangirayi ndiyo ingadzatisunthire pa benchi ya kutsogolo, kutali ndi mayi wa tomato uja.

Wina anenanso kuti kwathu kuno zoyenderana tili nazo kale, sitikusowa mzungu wa ku Bristol kuti atiphunzitse. Izi n'zoona ndithu. Maliro akachitika, palibe amene amadikira kalata: ufa, nkhuni ndi chipepeso zimafika zokha. Amayi a Dorika akhala akuyendera odwala ndi okalamba kwa zaka zambiri popanda kuomberedwa m'manja. Chipereganyu ndi banki m'khonde zatumiza ana ambiri ku sukulu. Anzathu a CCAP ali ndi milaga, a Katolika ali ndi miphakati. Koma tiyeni tivomereze kuti ndife akatswiri pa maliro kuposa pa matenda. Timasonkha mwachangu kugula bokosi la munthu amene sitidamusonkhere ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Chimene a ku Bristol adachita bwino si kukhala ndi mtima wabwino kuposa wathu. Adaupatsa mtimawo tsiku, nambala ndi munthu woyankhapo. Mlungu uliwonse, anthu 12, mtsogoleri mmodzi. Chifundo chodikira tsoka chimafika mochedwa.

Tiyambire pati?

Sitikupempha komiti yatsopano, yunifolomu kapena chikwangwani. Timagulu tilipo kale. Kalasi la Sukulu ya Sabata, likakhala laling'ono bwino, ndi anthu pafupifupi 12 omwe aja. Vuto ndi lakuti timakumana kukambirana phunziro, kulemba amene abwera, n'kubalalika. Dzina la amene sadabwere limangoikidwa chizindikiro m'kaundula, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Tikupempha zinthu zinayi. Kalasi lililonse lisapitirire anthu 12, ndipo likakula ligawidwe. Mtsogoleri, kapena awiri ogawana maina, aonane ndi membala aliyense mkati mwa mlungu, maso ndi maso. Uthenga wa pa WhatsApp ungathandize pa nthawi ya tchuthi, koma munthu amatha kulemba kuti ali bwino m'mimba muli mbee. Kalasi ligwirizane kandalama kochepa ka mlungu uliwonse, kofanana ndi mtengo wa mandasi amodzi, kosakhudza chakhumi ndi zopereka zina za mpingo, ndipo amene alibe aziperekeredwa mwakachetechete ndi amene ali nazo. Pomaliza, pakhale buku. Ndalama zolowa ndi zotuluka zilembedwe, anthu awiri asayine, msungichuma wa mpingo aone, ndipo kalasi liziuzidwa chimene chagwiritsidwa ntchito popanda kutchula dzina la wothandizidwa.

Tisanamizane, kandalama kameneka sikangalipire fizi ya munthu. Kangagule sopo, mankhwala, mapepala osindikizira ntchito ya m'kalasi, kapena thiransipoti yokaonera kholo lodwala. Koma phindu lalikulu la kobiri la ku Bristol silidali kukula kwake. Lidali chifukwa chogogodera pakhomo. Vuto la fizi likadziwika mu October, pali nthawi yolankhula ndi akuluakulu a sukulu, kulembera mpingo wa kumudzi kwa mnzathuyo, kufunsa akulu ampingo amene ali ndi ganyu, kapena kugogoda kwa amene adaphunzira pano kale. Likadziwika mu February mpando uli kale wopanda munthu, chotsala ndi kupukusa mitu basi. Mutu umodzi susenza denga, koma denga silisenzedwanso ndi anthu amene sadauzidwe kuti likugwa.

Kwa akulu ampingo, madikoni ndi makolo amene mumapemphera nafe pano, pempho lathu ndi lomweli. Ophunzira ambiri ali kutali ndi kwawo, ena kwa nthawi yoyamba. Banja limodzi litati litenge ophunzira ochepa n'kumawafunsa mlungu ndi mlungu momwe akukhalira, n'kumawaitanako ku nkhomaliro ya pa Sabata, lingachite ntchito imene ulaliki 20 sungaichite. Nafenso ophunzira tisaiwale kuti kunja kwa mpanda wa sukulu kuli agogo a mumpingo mwathu momwe amene denga lawo likudontha, ndipo ife tili ndi mphamvu ndi masana a Lamlungu.

Za Captain Foy mbiri idasunga zochepa kwambiri. Sadasiye buku la ziphunzitso kapena nyimbo yoti tiziimba. Chimene timamukumbukira nacho ndi pempho limodzi pamsonkhano wa ngongole, loti amupatse anthu 11 amene ena ankawaona ngati cholemetsa. Sabata likubwerali mbale ikamadutsa, tiponyemo monga mwa nthawi zonse. Koma tisanatuluke, tiyang'ane amene watipatsira mbaleyo, timufunse dzina ngati sitikulidziwa, ndipo tifunsenso chipinda chimene amagona. Lachitatu tikagogode.